Njala ikakhala chete: Msilamu, mbale ya nsima ndi jakisoni wochepetsa thupi

 

Phunziro lathu la lero likukhudza chinthu chimene ambiri mwachiona pa TikTok ndi pa Facebook koma ku madrasa sitinachiphunzire: majakisoni ochepetsa thupi. Achinyamata akamva za majakisoniwa amafunsa mafunso awiri. Loyamba amafunsa mokweza: kodi ndi halaal? Lachiwiri amafunsa monong'ona: nanga amapezeka kuti? Ine ndikufuna tiwonjezere lachitatu, limene kwa ine laposa awiriwo. Njala ikatonthola chifukwa cha mankhwala, chimatsala n'chiyani pakati pa Msilamu ndi mbale yake? Ndikulemba kuchokera kuno ku Bembeke, ngati munthu amene wakhala akudzibaya jakisoniyu kamodzi pa sabata kwa chaka ndi miyezi iwiri, molangizidwa ndi dokotala.

Tiyambe ndi mankhwalawo. Dzina lake lenileni ndi semaglutide. Kampani ya ku Denmark yotchedwa Novo Nordisk imagulitsa majakisoni ake m'mayina awiri: Ozempic, amene ku America anavomerezedwa mu 2017 ngati mankhwala a matenda a shuga, ndi Wegovy, amene anavomerezedwa mu 2021 ngati ochepetsa thupi. Palinso ena a kampani ya Eli Lilly otchedwa Mounjaro. Chobayira chake chimaoneka ngati bolopeni yonenepa, kasingano kake n'kakang'ono, ndipo umabaya pakhungu la pamimba kapena pantchafu.

Ntchito yake ndi yotsanzira basi. Allah anaika m'matumbo mwathu timadzi tina totchedwa GLP-1 timene timatuluka tikangodya. Timadziti timauza kapamba kuti atulutse insulin, timachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu, komanso timakafika ku ubongo ndi uthenga wakuti takhuta, siyani. Tachilengedweti timatha mphamvu pakangopita mphindi ziwiri kapena kuposerapo pang'ono. Semaglutide ndi mthenga yemweyo koma wokakamira, amakhala m'thupi sabata yathunthu akubwereza uthenga umodzimodziwo. N'chifukwa chake amabaya kamodzi pa sabata, ndipo dokotala amayamba ndi mlingo wochepetsetsa, 0.25 mg, kwa masabata anayi asanakweze.

Pali kankhani kena kamene kamandisangalatsa. Mankhwala oyamba a mtundu umenewu anachokera ku buluzi. Eee, buluzi! M'zipululu za ku America ndi Mexico muli buluzi wamkulu waululu wotchedwa Gila monster, ndipo mu 1992 dokotala wina wa ku New York, John Eng, anapeza m'malovu ake timadzi tofanana ndi GLP-1 koma tosatha mphamvu msanga. Kuchokera pamenepo anapanga exenatide, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2005. Ndikakumbukira Hadith ya mu Sahih Bukhari yotiphunzitsa kuti nthenda iliyonse Allah anaitsitsira mankhwala ake, ndimangoti Subhanallah, mpaka m'kamwa mwa buluzi. Semaglutide yemwe alipo lero sachokera ku buluzi kapena ku nkhumba, amapangidwa pogwiritsa ntchito yisiti. Ndipo pa za kufuna mankhwala, Usama bin Sharik (RA) anasimba kuti Maarabu akumidzi atafunsa Mtumiki (SAW) ngati n'kololedwa kudzichiritsa, iye anawalamula kuti azifuna mankhwala. Choncho kwa munthu wodwaladi, funso loyamba lija silivuta.

Kodi amagwiradi ntchito? Mu 2021 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wotchedwa STEP 1, wa anthu 1,961 amene anatsatiridwa kwa masabata 68. Amene ankabayidwa semaglutide anatsika pafupifupi makilo 15 pa makilo 100 aliwonse a thupi lawo, pomwe amene ankabayidwa jakisoni wopanda mankhwala anatsika makilo awiri ndi theka okha. Ine ndinayamba ndili ndi makilo 112. Ndinakhala ku Johannesburg zaka zisanu ndi chimodzi ndikugwira ntchito m'sitolo, ndipo mpaka pano ndimapitako kukaoda katundu. Kumeneko ndi kumene dokotala anandipeza ndi shuga ndi BP ndisanakwanitse zaka 30. Chimene chinkandiwawa kwambiri si sikelo ayi, koma swala. Pa sajida mpweya unkabanika, pa tashahhud phazi linkachita dzanzi, ndipo Taraweeh ndinkamaliza nditakhala pansi ngati gogo. Lero ndili ndi makilo 96 ndipo chitunda chochokera pa Turn-off ndimakwera osapumira. Alhamdulillah. Komatu walira mvula walira matope: miyezi iwiri yoyamba inali ya nseru, kudzimbidwa ndi kugeya kosachititsa kaso.

Tsopano tibwere ku nkhani yeniyeni. Chinthu choyamba chimene mankhwalawa anachita si kuchepetsa thupi. Anazimitsa wailesi. Anzanga amene simunanenepepo mwina simungamvetse, koma enafe m'mutu mwathu mumakhala kawailesi kosazima kamene pulogalamu yake ndi imodzi: chakudya. Ukudya nsima ya masana, kakufunsa kale za madzulo. Ukuswali Dhuhr, pa rakaa yachitatu kakukumbutsa kuti mandasi awiri anatsala m'beseni. Patatha masabata atatu ndikubaya, kawailesiko kanangoti zii. Mukudziwa mmene pamakhalira pa Turn-off ya Bembeke pa msewu wa M1, fungo la chipisi pachiwaya likusakanikirana ndi chifunga cha madzulo. Ndinadutsa pamenepo ngati ndikudutsa pa malo ogulitsira matabwa. Sindinalimbane ndi mtima ngakhale pang'ono, chifukwa panalibe cholimbana nacho.

M'bata limenelo ndinayamba kuona kuti zimene ndinkazitchula dzina limodzi lakuti njala zinali zinthu zingapo zosiyana. Njala ya m'mimba ilipo, ndiyo imene jakisoni amaitseka. Koma dzanja langa linkapitabe ku mbale ngakhale mimba ili chete. Ndikaona mtanda wa nsima watsala, mtima unkangoti phaa, ngati ndikusiya mwana panjira. Imeneyo si njala ya m'mimba, ndi mantha, ndipo ndikudziwa kumene anachokera. Ife obadwa m'zaka za m'ma 1990 tinakulira m'njala ya 2002, imene mu February chaka chimenecho boma linachita kulengeza kuti dziko lili pa ngozi. Tinaona anthu akudya gaga ndi zitsa za nthochi, ena akuthyola chimanga chisanakhwime. Mwana amene anaona zimenezo anaphunzira phunziro limodzi losaiwalika: chakudya chikapezeka maliza, za mawa sizidziwika. Amayi athu nawonso anaphunzira lawo, lakuti mwana wonenepa ndiye mwana wopulumuka. Phunziro limenelo linatisunga ndi moyo nthawi imeneyo, ndipo sindingalinyoze. Vuto ndi lakuti njala inatha koma phunzirolo linatsala, n'kupita nafe ku tauni ndi ku Joni kumene buledi, Fanta ndi nkhuku yokazinga zili pakhomo penipeni.

Palinso njala ina imene ndinaidziwira ku Joni. Ukaweruka usiku, kachipinda kozizira, abale ali kutali, apolisi ukuwaopa, chinthu chokhacho chimene sichikufunsa mapepala ndi chakudya. Anyamata ambiri amene ali ku Mayfair ndi ku Fordsburg mukuidziwa njala imeneyi. Imeneyinso jakisoni saichiza. Amangochotsa chakudya pamalo pamene chinkabisa chisoni, ndipo chisonicho chimatsala poyera chikukuyang'ana. Ine ndinadabwa kuti miyezi imene thupi linkatsika bwino ndi imenenso ndinkasowa mtendere madzulo, chifukwa chimene ndinkathawirako chinali chitasiya kukoma. Pamenepo mpomwe munthu amafunika jamaa ya Isha, m'bale womuimbira foni, ndi Qur'an yotsegula, osati yongokhala pa shelefu.

Nonse mukuidziwa Hadith ya Miqdam bin Ma'dikarib (RA) ya mu Tirmidhi, imene mwachidule imatiphunzitsa kusadzaza mimba, ndipo ngati munthu sangachitire mwina aigawe patatu: gawo la chakudya, la chakumwa ndi la mpweya. Mnzanga wina ataona mbale yanga anaseka n'kunena kuti, “Akhi, ndiye kuti inu Sunnah mwaigula ku sitolo ya mankhwalatu.” Tinaseka tonse, koma funsolo ndi lenileni. Ngati mimba yanga tsopano imangolandira gawo limodzi mwa magawo atatu chifukwa mankhwala aitseka, kodi ndatsatira Sunnah? Mmene ndikuonera ine, ayi, osati mwa iko kokha. Munthu wodwala malungo nayenso sadya, koma palibe amene amamutcha wodziletsa. Hadith yoyamba mu Sahih Bukhari, ya Umar (RA), imaika ntchito zonse pa niya. Kuchepa kwa nsima m'mbale ndi ntchito ya semaglutide. Kunena Bismillah ukudziwa Amene wakupatsa, kudya ndi dzanja lamanja, kuyambira mbali yako, kusiya chifukwa ukufuna kudzuka pa Fajr uli wopepuka, zimenezo jakisoni alibe nazo gawo. Anthu awiri angathe kudya mtanda umodzi umodzi, wina n'kupeza thawabu, wina n'kungopeza makilo ochepa.

Koma musamve ngati ndikuti wobaya jakisoni akubera. Ayi ndithu. Wovala magalasi sabera powerenga Qur'an. Kunenepa kopyola muyeso si ulesi chabe kapena kususuka monga timanenera pokhala pa khonde la mzikiti. Matupi anasiyana, ndipo kawailesi kaja ena anabadwa kali kotsika, ena kali kokweza. Amene sananenepepo asadzitame ndi kudziletsa kumene sanakuvutikire. Nanenso ndilibe chodzitama nacho pamaso pa m'bale amene akulimbana ndi thupi lake popanda ndalama zogulira mankhwala. Iye akadutsa pa chiwaya paja osagula, wachita jihad ya nafsi imene ine tsiku limenelo sindinachite.

Pali mbali ina imene pa TikTok sanena. Mankhwalawa angathe kukufikitsa posadya n'komwe. Limakwana dzuwa lolowa iwe utangomwa tiyi, ndipo sukumva kalikonse. Poyamba zimakoma, sikelo ikutsika msanga, anthu akuyamikira. Koma chimene chikutsikacho si mafuta okha, minofu nayonso imapita, ndipo munthu wa ku Bembeke wopanda minofu adzanyamula bwanji thumba la mbatatesi kuchoka kudimba? Surah Al-A'raf ayah 31, imene timakonda kuitchula poletsa israaf, imatilamula kaye kudya ndi kumwa isanaletse israafyo. Ndipo Abdullah bin Amr (RA) atafuna kusala tsiku lililonse ndi kuswali usiku wonse, Mtumiki (SAW) anamubweza pomukumbutsa kuti thupi lake lili ndi gawo lake pa iye. Thupi ndi amaana. Ndiye ine, amene moyo wanga wonse ndinkaphunzira kusiya kudya, ndinayamba kuphunzira kudya popanda njala, ngati mmene umadzukira pa Fajr mu July kuno, madzi a wudhu akuluma zala, osati chifukwa ukufuna koma chifukwa nthawi yakwana. Popeza malo m'mimba ndi ochepa, ndimayamba ndi zimene thupi likufunikira: nyemba, nsawawa, dzira, usipa, nkhwani wotendera, kenako kamtanda ka mgaiwa. Chodabwitsa n'chakuti m'kudya pang'onopang'ono kotereku ndi mmene ndinamvera koyamba kuti kachewere wa kwathu kuno, wongowiritsa n'kuthira mchere, ali ndi kukoma kwakekwake. Zaka zonsezi ndinkangomeza.

Chovuta kwambiri pa zonsezi si mimba yanga, ndi mbale za anthu ena. Kwathu kuno chakudya ndi chilankhulo. Mayi akakuikira mitanda itatu akunena kuti ndimakukonda, ndipo ukabweza iwiri amamva kuti wayankha mwano. Amayi anga anandiyang'ana tsiku lina n'kundifunsa kuti, “Kodi bambo, nsima yanga yayamba kuwawa?” Ndinayenera kukhala nawo pansi n'kuwafotokozera zonse, mpaka kuwaonetsa bolopeni ija. Nanga ku sadaka, ku nikah, pa Eid, kumene mpunga wa nyama umabwera m'mabeseni? Nanga kwa anzathu Achikatolika a kufupi ndi ku mishoni, amene pofuna kutilemekeza amachita kuitana Msilamu kuti adzazinge nkhuku kuti ifenso tidye? Ungakane bwanji nkhuku yoteroyo?

Apa Sunnah inandipatsa njira ziwiri. Mu Sahih Muslim muli Hadith ya Jabir (RA) yosonyeza kuti woitanidwa ku chakudya ayenera kupita, koma kudya kapena kusadya zili kwa iye. Ndiye kuti chimene mwini nyumba ali nacho pa ine ndi kubwera kwanga, kukhala naye pamphasa ndi kumuchitira dua, osati kukula kwa mbamu zanga. Ndipo Abu Huraira (RA) anasimba kuti Mtumiki (SAW) sankanyoza chakudya, akachifuna ankadya, akapanda kuchifuna ankangochisiya. Imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa ife a jakisoni, chifukwa mankhwalawa amachititsa kuti zakudya zamafuta zizikunyansa, ndipo n'kosavuta kukwinya nkhope kapena kuyamba kulalikira za mafuta pakati pa anthu amene agulitsa mbuzi kuti akudyetse. Khala chete, tenga pang'ono, yamikira wophika. Ndimapemphanso kuti andichepetsere ndisanagwire, chifukwa nsima yosagwidwa imapita kwa wina, pomwe yogwiragwira imathera kwa agalu, ndipo imeneyo ndi israaf ngakhale iwe utadya pang'ono. Kudyera mbale imodzi, kumene ena ayamba kukuona ngati kwachikale, kumandithandiza kuposa zonse. Palibe amene amawerenga mbamu zako.

Tsono pali pakamwa pa anthu. Ku Ulaya munthu akaonda amamuyamikira. Kuno ukabwera kuchokera ku Joni n'kuyamba kuonda, anthu amayang'anizana. Mawu akale aja a kaliwondewonde sanafe, anangobisala. Ine ndinamva ndekha kuti ena akuti ndayamba kumwa ma ARV, ena akuti katundu wanga wagwa, ena akuti ndi zokhwimira. Sizinandipweteke kwambiri chifukwa ndikudziwa chimene chikuchitika, koma ndinaganizira m'bale amene akumwadi ma ARV mokhulupirika, amenenso ndi mankhwala ngati ena onse, n'kumamva mmene timalankhulira. Surah Al-Hujurat ayah 11 ndi 12 zimaletsa kunyozana, kuganizirana zoipa, kufufuzana ndi miseche, ndipo sizinapatule nkhani ya matupi. Mu Musnad ya Imam Ahmad muli nkhani ya Abdullah bin Mas'ud (RA), amene tsiku lina atakwera mumtengo kukathyola mswaki mphepo inaonetsa miyendo yake yowonda, Maswahaba ena n'kuseka. Mtumiki (SAW) anawauza kuti pa sikelo ya tsiku la Qiyama miyendo imeneyo idzalemera kuposa phiri la Uhud. Tisanafunse munthu kuti waonda bwanji kapena wanenepa bwanji, tidzifunse ngati yankho lake tili nalo ntchito.

Alongo athu ndiye ali pakati pa moto uwiri. Foni ikuwauza kuti achepetse mimba, msika ukuwagulitsa mapiritsi ndi timadzi ta Apetito ndi Apetamin kuti akulitse mbina, zomwe mkati mwake muli cyproheptadine, mankhwala a ziwengo amene amagonetsa tulo. Mtsikana mmodzi yemweyo, mankhwala awiri okokerana. Ndimakonda nkhani ya mu Abu Dawud ya Mayi Aisha (RA), amene anathamanga mpikisano ndi Mtumiki (SAW) n'kupambana, ndipo patapita zaka, thupi lawo litakula, anathamanganso n'kugonja. Mtumiki (SAW) anangoseka n'kunena kuti abwezerana. Nkhani ya thupi inathera pomwepo, m'nthabwala ya mwamuna ndi mkazi wake. Anyamata amene mukukonzekera nikah, imeneyo muisunge.

Nanga Ramadhan? Pa za fiqh, bungwe la ma ulama la International Islamic Fiqh Academy, pa msonkhano wake wa ku Jeddah mu 1997, linagamula kuti jakisoni wa pakhungu kapena wa mumnofu amene si wodyetsa thupi saononga swaumu. Semaglutide ali m'gulu limenelo, ngakhale ine ndimabaya usiku kuti mtima ukhale m'malo. Masanzi obwera okha saononga swaumu, odzichititsa dala ndiwo amaononga. Choopsa chenicheni ndi madzi. Mankhwalawa amachepetsa chilakolako cha kudya ndi kumwa komwe, ndiye ukaphatikiza ndi maola oposa 13 osamwa kanthu, impso zimavutika. Dakwi musamalumphe ngakhale mimba ikukana, ndipo pofutulu yambani ndi madzi ndi kanthu kopepuka, chifukwa masamusa ndi zitumbuwa zikagwera m'chifu chochedwa kugaya, Taraweeh yonse mudzaithera kuseri kwa mzikiti. Amene muli ndi shuga ndipo mukumwanso glibenclamide kapena kubaya insulin, kaonaneni ndi dokotala mwezi usanaoneke, chifukwa shuga angathe kutsika moopsa. Akatsika pansi pa 3.9 pa kamakina koyezera, masulani swaumu. Surah Al-Baqarah ayah 184 ndi 185 zinapereka kale chilolezo kwa wodwala.

Koma funso limene linandisautsa mu Ramadhan ya 2025 silinali la fiqh. Mwezi unagwa mu March, nthawi imene kuno nkhokwe zambiri zimakhala zitayera ndipo chimanga cha m'munda chisanaume. Ine ndinasala mwezi wonse osamva njala ngakhale tsiku limodzi. Pa saf yomweyo ndinkaima ndi abale amene dakwi anadya phala lopanda shuga, ndipo sakudziwa ngati futari ipezeka. Iwo ali ndi njala imene sanaifune, ine ndikulipira ndalama zopitirira 1,000 rand pa mwezi kuti ndisamve njala. Dziko lathu lili choncho. Kafukufuku wa boma wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 aliwonse anali onenepa kopyola muyeso, ndipo nthawi yomweyo ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Nthawi zina onsewo amapezeka m'nyumba imodzi.

Swaumu yanga inali yovomerezeka, chifukwa chimene tinalamulidwa ndi kusiya kudya ndi kumwa, osati kumva kuwawa. Ndipo Hadith ya mu Bukhari imatichenjeza kuti Allah alibe nazo ntchito njala ndi ludzu za munthu amene sanasiye bodza ndi kuchita zachinyengo, kusonyeza kuti mbali yaikulu ya swaumu ili pa lilime ndi pa khalidwe, kumene jakisoni safika. Komabe njala ya Ramadhan ndi mphunzitsi amene amatikumbutsa osauka popanda kutsegula buku, ndipo chaka chimenecho mphunzitsiyo kwa ine sanabwere. Ndinayenera kuwerengera ndi mutu zimene ena amamva ndi mimba. Ndinaona kuti ufa umene kale unkandikwanira masabata awiri tsopano ukutha mwezi. Wotsalawo si phindu langa. Hadith ya mu Muslim imatiphunzitsa kuti chakudya cha munthu mmodzi chimakwanira awiri, ndipo kwa munthu wa jakisoni zimenezi zimachita kuoneka ndi maso. Ufawo uli ndi mwini wake, ndipo sakhala patali.

Funso lachiwiri lija, lakuti amapezeka kuti, ndiliyankha mosakondweretsa. Mankhwalawa ndi a munthu amene dokotala wamuyeza n'kupeza kuti ali ndi shuga kapena kunenepa kumene kukuika moyo wake pachiswe. Si a mtsikana wa makilo 62 amene akufuna diresi la pa nikah limukwane. Mayi woyembekezera sayenera kubaya, ndipo wofuna kutenga pakati amauzidwa kusiya miyezi iwiri zisanachitike. Amene kubanja kwawo kuli khansa ina ya chithokomiro saloledwa, ndipo amene anadwalapo kapamba ayenera kumuuza dokotala. Mu June 2024 bungwe la World Health Organization linachenjeza za semaglutide wabodza amene anapezeka ku Brazil, ku United Kingdom ndi ku America. Ngati wabodza analowa m'mayiko amenewo, nanga bolopeni yobwera m'chikwama pa basi ya ku Joni, yogulitsidwa pa WhatsApp, yosadziwika ngati inagonapo m'firiji? Ena mwa mabolopeni abodza anapezeka kuti mkati muli insulin, imene kwa munthu wopanda shuga ingathe kumukomola. Matiyi ochepetsa thupi nawonso musawaone kufatsa. Ena mwa iwo akhala akupezeka ndi sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa choopseza mtima. Kuno ku Malawi woyang'anira mankhwala ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo wogulitsa amene alibe chiphaso chawo musamupatse mimba yanu. Safunsa anadya phula.

Chomaliza ndi chimene ogulitsa satchula n'komwe. Anthu ena a mu kafukufuku wa STEP 1 anatsatiridwabe atasiya kubaya, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2022 zinaonetsa kuti pakutha pa chaka chimodzi anali atabwezeretsa magawo awiri mwa atatu a makilo amene anataya. Mankhwalawa sachotsa wailesi, amangoitsitsa. Ndalama zikatha, kapena dokotala akati basi, imayakanso. Kwa munthu ngati ine, amene mankhwala ake amadalira malonda, malire a dziko ndi mtengo wa rand, tsiku limenelo silili kutali.

Ndimalawa kale tsikulo sabata iliyonse. Ndimabaya Loweruka usiku, ndipo pofika Lachinayi mphamvu yake imayamba kuzilala. Kawailesi kaja kamayamba kumveka chapansipansi, fungo la pachiwaya limabwereranso kukhala fungo la chakudya. Poyamba masiku awiriwa ndinkawaopa. Tsopano ndi amene ndimaphunzirirapo. Lachinayi ndimasala swaumu ya Sunnah pamene shuga ali bwino ndipo dokotala anavomereza, kuti ndikumane ndi njala yeniyeni pang'ono n'kuizolowera nkhope. Lachisanu tikatuluka ku Jumu'ah ndimadya ndi abale mbale imodzi, ndipo ndimayesa kuchotsa dzanja ndikadali ndi malo, nthawi ino ndi chisankho changa. Masabata ena zimatheka, ena mtanda wachiwiri umapita. Dokotala wanena kuti tikaonana ulendo ukubwerawu tikambirana zotsitsa mlingo, ndipo masiku awiri aja adzakhala anayi.

Allah awachiritse odwala athu onse.